Nyota Zitatu za a Katsache

A Yotamu Katsache anamwalira Lachiwiri m'mawa kunyumba kwawo ku Shawlands, atangomaliza kupolisha nsapato. Lachitatu tinadzaza nyumbayo, azimayi pansi pabalaza, azibambo ataima m'masitepe mpaka kukafika pachitseko cha kumsewu, anansi achizungu akudutsa cham'mbali mopepesa. Ine ndinali kukhitchini kutsuka makapu pamene ndinamva bambo wina, amene sindimutchula chifukwa mkazi wake ndi mnzanga, akuuza anzake kuti, “Mdalayu timangoti Kaputeni, Kaputeni, koma kuno sanakhalepo kaputeni. Chansi inabwera, anaiponda yekha.” Anzakewo anaseka pang'ono, kenako n'kutsokomola pokumbukira pamene anali.

Ndinafuna kutuluka ndi kapu m'manja, koma pamaliro sitiyambanirapo. Ndiye ndikumuyankha pano. Ndi zoona, ku Glasgow kuno a Katsache sanakhalepo kaputeni. Anapuma ntchito ali ndi nyota zitatu paphewa, timizere tagolide tija amavala oyendetsa ndege, pamene kaputeni amavala zinayi. Ndi zoonanso kuti yachinayiyo anaikana okha itafika kale pakhomo. Chimene bamboyo sakudziwa ndi chifukwa chake. Ine ndikuchidziwa, pakuti nyota imene anaikanayo ili paphewa pa mwamuna wanga.

Anali ankhoswe athu, a kuchimuna. Mwamuna wanga Tadeyo amayendetsa ndege, ine ndine namwino, ndipo banja la anthu awiri a mashifiti silichedwa kufuna ankhoswe. Tikawaitana ankafika kwathu ku Gorbals nthawi yeniyeni imene anena, osapitirira ngakhale mphindi. Asanakhale pansi ankafunsa mafunso awiri, omwewo nthawi zonse: mwadya, mwagona? Wina akati ayi, mlandu unkathera pomwepo. Ankati woyendetsa ndege wanjala kapena watulo samulola kukwera, ndiye angaloledwe bwanji kuyendetsa banja. Tsiku lina ndinachokera kuntchito mtima uli moto, mfundo zanga nditazisanja bwinobwino m'basi, iwo n'kundiuza kuti ndikagone abweranso mawa. Ndinawada tsiku limenelo. Podzuka ndinapeza theka la mlandu lauluka, ndipo izi zinandikwiyitsa koposa.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo, iwonso akanandikalipira. Anali munthu wamakani. Kutchalitchi kwathu anali mkulu wa mpingo wosunga makiyi, ndipo anayambanapo ndi kwaya yonse chifukwa chotseka chitseko nthawi yoyeserera itakwana, oimba atatu okha ali mkati. Sankapepesa msanga. Akafuna kupepesa ankangobwera ndi thumba la malalanje n'kuliika patebulo, nkhani yatha. Galimoto lawo sankaliliza asanalizungulire, kuyang'ana matayala onse anayi ndi magetsi, ngati mmene amachitira ndi ndege isananyamuke, kaya kukugwa mvula kaya anthu achedwa. Mwana wawo wamkazi, amene anakulira kuno, ankatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti, “Dad, it's a car, it's no gonnae take off,” kutanthauza kuti ndi galimoto chabe, siliuluka. Iwo ankamaliza kuzungulira kwawo osamuyang'ana n'komwe.

Ndidumphe kaye kutsogolo, ndifotokoze za tsiku limodzi limene Tadeyo salitha kulifotokoza osaima pakati. Zonse zimene ndinenezi zinali zitachitika kale, ndipo rosita ya ntchito inawaika awiriwa ndege imodzi. Kutsogolo kwa ndege kuli mipando iwiri: wakumanzere ndi wa kaputeni, wakumanja ndi wa womuthandiza. Tadeyo anakhala kumanzere, ankhoswe ake kumanja. Akuti tsiku lonse a Katsache sanamutchule dzina. Zinali “inde Kaputeni”, “mwakonzeka Kaputeni”, mawu ali phee, ngati sanamuonepo akulira pabalaza chifukwa cha ine. Tadeyo anayesa kuwauza kuti, “Bambo, mukhoza kungonditchula dzina,” iwo n'kumuyankha kuti muno mulibe bambo. Atatera n'kufika poimika magalimoto, anavula chipewa, n'kunena kuti, “Tsopano a Tadeyo, ndamva kuti Lamulungu simunaoneke kutchalitchi. Chavuta n'chiyani?”

Ukaputeni wawo sunali wopeka. Kwathu anakhala mpando wakumanzere zaka zambiri, ndipo alipo anthu mumpingo mwathu amene amakumbukira mawu awo akulengeza kuti tatsala pang'ono kutera ku Chileka. Anabwera kuno potsata mayi a kunyumba, a Nangozo, amene anapeza ntchito ya unamwino. Mapepala awo a kwathu sanakwanire, ndiye analembanso mayeso onse ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu, masana akusambitsa nkhalamba kunyumba yosamalira okalamba. Atakhoza anapeza ntchito pakampani ina ya ndege, imene dzina lake ndilisunga.

Kuno, ukalowa kampani ya ndege umalembedwa pansi pa mndandanda, kaya wayendetsa ndege zaka makumi awiri kaya unayamba dzulo. Kukwezedwa kumatsata mndandanda umenewo. Mpando wa kaputeni ukapezeka, amatenga amene ali pamwamba pa odikira, amuphunzitse, amuveke nyota yachinayi. A Katsache analowa pansi penipeni, n'kukhala kumanja kwa ana oti akanawabereka. Sanadandaule. Ankati n'chimodzimodzi kuchigayo: ukafika umaika dengu lako kumbuyo kwa amene wawapeza, ngakhale uli mkazi wa mwini chigayo. Ankaukhulupirira mndandandawo kuposa anthu amene anaupanga.

Patatha zaka zisanu ndi ziwiri anali wachitatu kuchokera pamwamba, ndipo a Nangozo anali atayamba kale kunong'oneza azimayi anzawo kuti akonzeke kudzavina. Apa ndi pamene kampani inachita zake. Kupatula kunyamula anthu, inkanyamulanso katundu: makalata, mankhwala, nsomba za kuzilumba. Akuluakulu anaona kuti ntchito ya katunduyo aipereke kwa kakampani kena kakang'ono kolipira antchito ake motsika. Ndege za katundu zitachoka, mipando ya makaputeni inachepa, ndipo mndandanda unangouma pomwepo. Chaka chinatha, china chinatha, palibe wokwezedwa.

Kakampani kajako kankalemba aliyense amene anali ndi laisensi koma alibe ntchito, ndipo kankakweza msanga. Tadeyo anali mmodzi mwa iwo. Nthawi imeneyo n'kuti akuyendetsa vani yoperekera katundu m'makomo, laisensi ya ndege ikuchita nkhungu m'sutikesi. Analowa, ndipo pasanathe zaka zitatu anali kaputeni. Chidani chimene chinabuka pabwalo la ndege sindinachionepo ngakhale kuchipatala, kumene timadziwa kudana. A kampani yaikulu sankapereka moni kwa akatundu. M'basi ya antchito ena ankakhala kutsogolo ena kumbuyo. Wakatundu akalowa m'chipinda chopumira, nkhani zinkangoti zii. A Katsache nawo anali m'gulu lodana ndi akatundulo, tisaname. Ankawatcha aganyu. Anali mukomiti ya bungwe la oyendetsa ndege, ndipo anaimapo pachipata ndi chikwangwani mvula ikuwakhuthukira.

Ndiye pakati pa zonsezi ine ndi Tadeyo tinafuna kumanga banja. Amalume ake, amene anayenera kukhala ankhoswe, analephera kubwera mapepala atavuta. Poti ndi a ku Ntcheu ngati a Katsache, ndipo midzi yawo ndi yoyandikana, anaimba foni n'kunena kuti mwana wathuyo tamuika m'manja mwanu. A Katsache ankadziwa bwino lomwe kumene Tadeyo amagwira ntchito. A Nangozo anawatsina khutu kuti zimenezi zidzawavuta, apeze chonamizira. Iwo anapempha sabata imodzi, kenako anavomera. Ankati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pachinkhoswe chathu anachita zimene anthu amasekabe mpaka lero. Mwambo umati a kuchimuna apereke tambala, a kuchikazi apereke thadzi. Kuno tonse tinazolowera kungogula nkhuku m'sitolo n'kuikulunga bwino. Iwo anakana, amvekere nkhuku ya mufiriji siichitira umboni. Anayenda ulendo wa ola lathunthu kupita kufamu ina kunja kwa tauni, n'kubwera ndi tambala wamoyo m'katoni yoboola. Tambalayo analira m'holo abusa ali pakati pa pemphero, ndipo wosamalira holo, mzungu wachikulire, anatsala pang'ono kuitana apolisi. Itafika nthawi yoti ankhoswe a mbali ziwiri adyetsane nkhuku yootcha, a Katsache anatafuna pang'onopang'ono, anapukuta manja, n'kutembenukira kwa Tadeyo. Ine ndinali pambali pake, ndinamva.

“A Tadeyo, ntchito yanu ndimadana nayo, ndipo ndipitiriza kudana nayo. Koma kuyambira lero, paliponse pamene mudzaweruzidwe ine ndidzakhalapo.”

Anapitirizadi kudana nayo. Masana a Lamulungu tikamadya kwawo, nkhani inkayamba bwino ndi mpira, n'kukathera komweko. Ankamuuza Tadeyo kuti akuluakulu a kampani akumugwiritsa ntchito ngati ndodo yomenyera anzake, ndipo ikadzathyoka adzaitaya. Tadeyo tsiku lina anapsa mtima n'kuyankha kuti, “Ndiye bambo mumafuna ndizidya mndandanda? Inu muli ndi nambala, ine ndinali ndi vani.” A Katsache anangopempha mchere. Sabata yotsatira anakaimanso pachipata ndi chikwangwani chawo, Tadeyo n'kudutsa pomwepo pagalimoto popita kuntchito, awiriwa n'kugwedezerana mitu.

Chiyambireni nkhani ya katundu ija, zinakhala choncho zaka zisanu. Kenako kampani yaikulu inagula kakampani ka katundu kaja, ndege ndi anthu omwe, ndipo panafunika kuti mindandanda iwiri ikhale umodzi. Apa ndiye panali nkhani. A kampani yaikulu ankafuna kuti akatundu onse alembedwe pansi, makaputeni awo avulidwe nyota yachinayi, mipando yawo ipite kwa amene anadikira. Akatundu ankafuna kuti aliyense asunge mpando wake, mayina asakanizidwe potsata zaka zimene munthu wagwira. Nthawi imeneyo awiri amene anali pamwamba pa a Katsache anali atatopa n'kupita kwina, ndiye woyamba pa odikira anali iwo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri. Kampani siphunzitsa ukaputeni munthu amene watsala pang'ono kupuma, choncho akanati adikirenso zaka ziwiri, basi zatha. Njira yoyamba ija ikanawapatsa mpando chaka chomwecho. Ndipo kaputeni wakatundu amene anakwezedwa pomalizira, woyamba kuvulidwa, anali Tadeyo.

Wapampando wa bungwe lawo anali Calum, kaputeni wa zaka za m'ma folote, munthu wachilungamo mwa njira yake. Ankawakonda a Katsache, ankati zambiri za ndege anaziphunzira kwa iwo ngakhale iye ndiye ankakhala kumanzere. Anasindikiza kapepala kokopa anzake, ndipo pamwamba pake anaikapo nkhani ya a Katsache: taonani Yotamu, kaputeni wakale, wadikira zaka khumi ndi ziwiri pamene ana a dzulo avala nyota zinayi. Kapepalako kanagwira mitima. Anaitanitsa msonkhano woti avote chimene akauze kampani, ndipo poti a Katsache anali ndi makiyi a holo ya tchalitchi chathu ku Pollokshields, anawapempha kuti akonze malo.

Linali Loweruka masana. A Katsache anandiuza kuti ndibwere ndidzathandize tiyi, osandiuza china chilichonse. Nditafika ndinapeza asanja kale mipando, osati yoyang'ana kutsogolo ngati pamsonkhano, koma mbali ziwiri zoyang'anizana, pakati pali tebulo. Ndinaizindikira nthawi yomweyo. Umu ndi mmene anaisanjira pachinkhoswe chathu, m'holo yomweyo. Ndinalowa kukhitchini n'kutsegula kazenera koperekera makapu.

A kampani yaikulu anafika ambiri, mwina makumi anayi, n'kudzaza mbali imodzi, ena n'kuima kukhoma. Calum anali atangotsegula faelo yake pamene chitseko chinatseguka, n'kulowa akatundu asanu ndi awiri, Tadeyo ali kumbuyo. A Katsache anali atawaitana mmodzimmodzi, kuwauza kuti bungwe likufuna kumva mbali yawo. Anawalandira pakhomo, kuwagwira chanza aliyense, n'kuwalozera mipando yopanda anthu ija. Zonse zinayankhulidwa m'Chingerezi, koma ndizinena m'chathu.

“Yotamu, msonkhano uno ndi wa mamembala okha,” anatero Calum motsitsa mawu. “Anthu awa akufuna chiyani?”

“Ndawaitana ndine. Kwathu sitidula munda wa munthu mwini wake palibe.”

“Kuno si kwanu,” wina anatero kumbuyo.

A Katsache anamuyang'ana nthawi yaitali mpaka munthuyo anayamba kuyang'ana nsapato zake. Kenako anayesa kufotokoza kuti nkhoswe ndi ndani. Anati ukwati si wa anthu awiri, ndi wa mabanja awiri, ndipo banja lililonse limaika munthu woliimira, amene sangathawe zinthu zikavuta. Anati mindandanda iwiri kukhala umodzi ndi ukwati, kaya tikufuna kaya sitikufuna, ndiye mbali zonse zikhale ndi wozilankhulira. Analoza Tadeyo n'kunena kuti uyu ine ndinalonjeza kuti pomuweruza ndidzakhalapo. Ataona kuti nkhope zonse zangoti ndwii, palibe akumva, anangomaliza ndi mawu anayi: “I ate the chicken.”

Ena anaseka. Ine kukhitchini sindinaseke, misozi inali itayamba kale. Mdala wanzeru chotere ankakhulupiriradi kuti anthu makumi anayi okwiya, amene nyumba ndi sukulu za ana awo zinali pamndandanda umenewo, akhala pansi ngati a kuchikazi ndi a kuchimuna n'kumvana. Apa analakwitsa, ndipo ndi ife tokha a kwathu amene tingalakwitse chonchi. Anthu khumi anatola majekete awo n'kutuluka. Koma a Katsache sanakhale pansi. Anatulutsa kapepala ka Calum m'thumba n'kukatambasula patebulo.

“Mwalemba apa kuti ndadikira zaka khumi ndi ziwiri. Ndi zoona. Simunalembe kuti amene anandiika pansi pa mndandanda ndili ndi imvi si anyamata awa. Ndinavomera, chifukwa ndinabwera ndekha kudzapempha malo. Awa sanapemphe, agulidwa pamodzi ndi ndege. Amene anatilanda ntchito ali kunyumba zawo lero akumwa tiyi, atisiya tikumenyana. Ndikudziwa mmene zimapwetekera kuvula nyota imene unaigwirira ntchito. Ndinavulapo. Mukufuna kuvula munthu uyu kuti mundiveke ine. Ndi uyu wakhala apayu. Amene akufuna adzuke amuvule, ine ndikuona.”

Palibe anadzuka. Tadeyo anali atazyolika, manja ali pamaondo.

“Ngati palibe, dzina langa mulichotse pakapepala kanu. Votani mmene mukufunira, koma osati m'dzina langa.”

Calum anali atafiira mpaka m'makutu. “Mukudziwa kuti mukatero nthawi yanu yatha? Sipadzakhalanso mwayi wina.”

“Ndimadziwa kuwerenga,” anatero a Katsache. Kenako anatembenukira kukhitchini n'kunena m'Chichewa kuti, “Mayi, tiyi uja abwere.”

Tiyiyo anamwa anthu ochepa. Voti sinachitike tsiku limenelo, ndipo itadzachitika kwina bungwe linali litagawanika kale. Nkhaniyo inapita kwa munthu wapadera woweruza, ndipo a Katsache anamulembera kalata ya masamba awiri kubwereza zomwe ananena m'holo. Sindinganene kuti kalatayo ndiyo inagamula, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti makaputeni akatundu anasunga mipando yawo, mayina anasakanizidwa, ndipo a Katsache anatsika kuchoka pa nambala wani kufika pamene sakanafikanso pamwamba.

Zimene zinatsatira sizinali zokoma, ndipo amene akuganiza kuti anthu anawaombera m'manja sadziwa anthu. Anzawo a zaka khumi ndi ziwiri anasiya kuwapatsa moni. Ankati awagwiritsa fuwa lamoto, ndipo ena a iwo anali ndi chifukwa, pakuti nawonso anatsika. Calum sanawayankhulenso kupatula za ntchito. M'chipinda chopumira, zii uja ankachitira akatundu anayamba kuchitira iwo. Iwo ankalowa, n'kupereka moni kwa aliyense potchula dzina lake, osayankhidwa, mawa n'kubwerezanso. Anatero zaka zitatu. Tsiku lopuma ntchito, keke imene a Nangozo anaphika inabwerera kunyumba itangodulidwa pang'ono.

A kwathu nawo sanawasiye. Ankati mdala wataya bomwetamweta chifukwa cha mwana wa eni. A Nangozo anakhala milungu itatu akuwaphikira osawayankhula. Ine anandipeza pakhomo la tchalitchi, n'kundiyang'ana m'maso, amvekere, “Ukwati wanuwu watidyera nyota. Muusamale.” Tadeyo atapita kukathokoza, a Katsache sanamulole n'kumaliza komwe. Anamuuza kuti asadzinamize, sanachitire iye, akanachitira aliyense amene anamudyera nkhuku, ndipo ntchito ya uganyu ija akudana nayobe. Anamutuma kuti akawagulire nyuzi.

Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti mwina nyotayo sankaifuna kwenikweni, kuti anthu achikulire zotere anazipitirira. Chaka chatha ndinawaperekeza kuchipatala kukapimitsa mtima, ndipo tili pabenchi kudikira ndinawafunsa. Anati, “Ndinkaifuna, mayi. Ndinkaifuna ngati mwana amene walonjezedwa nsapato za Khirisimasi. Mpaka lero ndikamva ndege ikudutsa ndimadziwa mbali imene ndikanakhala.” Ndinawafunsa kuti nanga bwanji. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chopusa, n'kunena kuti akanavala bwanji, m'mawa uliwonse akudziwa phewa limene yachokera. Namwino anaitana dzina lawo, anadzuka n'kukonza kolala.

Ndiye bambo wa pamasitepe uja amve. Munthu amene chinthu sakuchifuna akachisiya, palibe nkhani. Awa ankachifuna, anachidikira zaka khumi ndi ziwiri atakhala mpando wa ana, ndipo chitafika anaona kuti chabwera ndi magazi a mnzawo, n'kuchibweza pamaso pa anthu makumi anayi. Inu amene mumaseka, mudatayapo chiyani chifukwa cha mawu anu?

Lachinayi, titatsala ochepa m'nyumba, a Nangozo anatulutsa yunifolomu ya malemu kuti tiisite, tikapereke kwa okonza thupi. Anati anavala imeneyo moyo wawo wonse, apite nayo. Ndinali kusita shati pamene Tadeyo analowa kuchipindako, maso ali psuu, envulopu ili m'manja. Anagwada pafupi ndi bedi pamene mayi anakhala, n'kutulutsa nyota zake, zinayi mbali iyi zinayi mbali iyo.

“Mayi, ndapempha. Tiwaveke izi. Kumudzi anthu akawaone mmene anayenera kukhalira.”

Azimayi awiri amene anali pakhomo anavomereza, amvekere zoona, ulemu wake ndi umenewo. Inenso, ndisaname, mtima wanga unavomera. A Nangozo anazitenga, anaziyang'ana, anazisisita ndi chala. Kenako anazibwezera mu envulopu.

“Mukufuna tiwanamizire atagona zimene anakana ali maso?”

“Ayi mayi, ine ndimangoti...”

“Zaka zonsezi ndawalongolozera chifukwa cha kanthu aka. Palibe anawanyoza kuposa ine. Ndiye ndine ndikunena: apita ndi zitatu zawo. Amene akufuna kukaseka kumanda akaseke.” Anamugwiritsa envulopuyo m'manja n'kumupinda zala. “Izi kavaleni Lolemba. Koma tsiku limene mudzakwere munthu pamsana kuti muonjezere china, mudzandibweretsere ndidzaziotche.”

Ndinalowetsa ndekha nyota zitatuzo pamapewa a shati. Thupi linanyamuka sabata yotsatira, kudzera kunyumba ya katundu ya pabwalo la ndege, pakuti bokosi la maliro limayenda ngati katundu. Akatundu aja anabwera asanu, atavala yunifolomu, n'kuima pamvula mpaka galimoto litalowa. Calum anabweranso, anaima yekha mbali ina ya chipata. Ndinamupatsa moni, osati chifukwa ndinkafuna.

A Nangozo anapita nawo ku Ntcheu ndipo sananene tsiku lobwerera. Makiyi a ku Shawlands anandisiyira ine, ndiye Loweruka lililonse ndimakwera masitepe aja kukatola makalata pansi pa chitseko ndi kutsegula mazenera. Nyumbayo imazizira ngakhale kunja kuli dzuwa. Wadiropu ya kuchipinda sitsekeka bwino, imangotseguka yokha. Mbali ya malemu muli masuti awiri a kutchalitchi, ndipo pakati pake pali mpata ndi hang'ala yathabwa yopanda kanthu.

Mlembi wa mpingo wandiimitsa kawiri tsopano. Akuti m'buku la maukwati, pamzere wa banja lathu, dzina la ankhoswe a kuchimuna alifufuta, ndiye tisankhe wina, banja silikhala lopanda nkhoswe. Wanditchulira mayina atatu, anthu abwino onse, mmodzi mwa iwo ndi bambo wa pamasitepe uja. Ndamuuza kuti akapeza munthu woti angataye chake pofuna kutiimira, abwere naye tidzamuone. Pamalopo m'bukumo pakadali poyera.